Nyali ya Che Amidu

Ndikukumbukira kachilumba ka miyala ka pakati pa nyanja ya Chiuta, ndipo mpaka lero ndikakaganiza mtima umandiwawa. Pamwamba pake panali mulu wa miyala wotalika kuposa munthu. Anauwunjika yekha kalekale Che Amidu, msodzi wachiyao, n'kuikapo nyali kuti anzake asamasochere m'mabango. Nkhondo itavuta kwathu kutsidya kwa nyanjayo, nyali yomweyo ndiyo inkalozera njira mabwato athu othawira ku Malawi. Petrolyo, mafuta a nyali omwe ena amati parafini, atasowa, mkuluyo ankayenga mafuta a milamba n'kumayatsabe.

Tinabwerera kwathu nkhondo itatha, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkayesa kuti anthu akamuvinira. Ayi ndithu! Anthu onenepa ndi mafuta a kukampu ya othawa nkhondo anayamba kufunsana kuti munthu wosathawa ngati iye angatsale bwanji wamoyo zaka zonsezo. Ati nyaliyo ankaitanira asilikali. Akabwera kumsika azimayi ankatseka mphuno, ati akununkha mlamba, ndipo nsomba zake zinkangozunguliridwa ndi ntchentche osagulidwa. Kenako zinamveka kuti amuna apangana zokathimitsa nyaliyo.

Mayi anga sanachulutse zonena. M'mawa mwake ananyamula botolo la petrolyo n'kundikweza m'bwato la amalume. Bwatolo linali lothonya, moti ulendo wonse ndinkangokapa madzi ndi chikho. Tinafika dzuwa lili paliwombo, miyala ikuotcha mapazi, ponseponse zitosi za mbalame. Kunena zoona, nyali yotchukayo inandigwetsa ulesi. Kanali kachitini kakuda ndi mwaye, galasi lake long'aluka lomatidwa ndi phula.

Che Amidu anandiyang'anitsitsa. "Kodi si kamwana kankalira m'bwato lomaliza kaja? Munachita kukatseka pakamwa ndi nsalu."

"Ndi komweka," anatero mayi. "Takubweretserani mafuta."

"Bwererani nawo, mama. Dzulo anabwera anthu asanu. Atatu mwa iwo anaoloka ndi kuwala komweku, ndikuwadziwa. Ati ndikayatsanso awotcha bwato langa. Nanga ndidzadya miyala?"

Anatsitsa nyaliyo, naipukuta ndi malaya ake, n'kundipatsa ine. Mayi analira njira yonse. Ine sindinalire, ndinkangofuna munthu woti ndimulume. Nyengo ya mphepo itakwana, mabwato awiri anasochera m'mabango, limodzi silinapezekenso. Pamaliropo palibe anatchula za nyali, aliyense ankangoyang'ana zala za kumapazi.

Masiku ano asodzi amaunikira ndi mafoni, ndipo kachilumba kaja akuti n'kofunika kukaona. Mlendo akafika, nkhalamba zina zimatukumula chifuwa n'kumati, "Ife tinali ndi nyali yathu, inatipulumutsa pankhondo." Yathu! Pakamwa pomwe paja! Che Amidu anafera kwa achibale ake kutali, popanda ndi mmodzi yemwe wokamupepesa. Nyaliyo ili pakabati m'nyumba mwanga. Ikununkhabe mlamba, ndipo ana anga ndinawauza kuti woitsuka adzandiona.