Mluzu wa a Sadiki

Anthu amene anapitako kuchilumba cha Boadzulu zaka zapitazi mwina nkhope ya a Sadiki anaiwala, koma mluzu wawo sangauiwale. Anali bambo wamfupi, wa tindevu tochepa, woyendetsa boti la loji ina kufupi ndi Nkopola. Ntchito yawo inali kunyamula alendo, kuwaonetsa miyala yoyera ndi zitosi za mbalame, kenako n'kuwaitanira nkhwazi kuti idzatole nsomba iwo akuona. Zina zonsezo aliyense wodziwa kukoka chingwe cha injini akanatha. Kuitana nkhwaziko ndiye kunali kwa a Sadiki okha.

Ankalawirira kudooko kukagula utaka kwa asodzi amene angokocheza kumene. M'botimo ankatenga kabango kouma n'kukalowetsa kukamwa kwa nsomba mpaka kumchira, kuti ikaponyedwa isamire. Akafika kuseri kwa chilumba, kumene kuli mtengo wouma wopendekera kumadzi, ankazimitsa injini n'kuuza alendo kuti akonzekeretu makamera. Kenako ankapindira mlomo wam'munsi pa mano. Mluzuwo unkayambira pansi, n'kukwera, n'kuthyoka kumapeto kwake. Oyendetsa maboti ena anayesa kuutsanzira mpaka masaya kuwawa, koma nkhwaziyo sinkawalabadira n'komwe. A Sadiki anaitcha Abiti, monga momwe Ayao amatchulira mayi mwaulemu.

Kunyumba kwawo kunalibe wowadikira. Akazi awo, a Alima, anamwalira kalekale, ndipo ana awo aamuna anapita ku Joni, kumene ankaimbako foni pa Idi, mwinanso Idi ina n'kuiphonya. Achibale anawanyengerera kuti akwatirenso, mpaka anatopa n'kuwasiya. Lachisanu potuluka mumzikiti, anzawo ankawafunsa kuti alamu awo akuchilumba adzuka bwanji, iwo n'kuyankha mosaseka kuti adzuka bwino ndipo apereka moni. Anthu ankafa nazo nseko. Koma kunena zoona, bamboyu anali wosungulumwa kwambiri, ndipo tsiku limene kunalibe alendo ankasowa chochita ndi manja awo.

Alendo ndi anthu okonda kufotokoza kumene anafikako, ngakhale usanawafunse. Boti likangochoka pamchenga, mafoni ankatuluka. Uyu akuonetsa mapiri a chipale chofewa kumene anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amatsetsereka pa timatabwa tsiku lonse osachita manyazi. Uyo akuonetsa nkhalango ya kutali kumene anayenda sabata yathunthu osakumana ndi munthu, ndipo akunena monyadira, ngati kusowa anthu ndi chinthu chokachifunafuna. A Sadiki ankagwedeza mutu n'kuyamikira zonse. Kutali kumene iwo anafikako ndi ku Zomba, ndipo kumeneko anapita kokadikirira matenda. Mlendo akawafunsa malo amene amawakonda koposa, ankaloza mtengo wouma uja. Alendo ankaseka poganiza kuti ndi nthabwala za pantchito, koma iwo ankanena zoona.

Chifukwa chake sankauza munthu. A Sadiki ankakhulupirira kuti Abiti amawadziwa. Ankati akamatsika mumtengo amayamba wayang'ana iwo, nsomba pambuyo. Padziko lonse, chamoyo chimene chinkasiya zimene chikuchita n'kubwera iwo akaitana chinali chimenechi basi.

Ngozi inawapeza nyengo ya mwera. Anali okha, akuchokera kotula alendo ku Malindi, pamene funde linanyamula boti n'kulimenyetsa pamadzi. Anagwa chafufumimba n'kumenyetsa kamwa pathabwa lokhalira. Mano akutsogolo anathera pomwepo, mlomo wam'munsi n'kung'ambika. Kuchipatala anawasoka bwino ndithu, bala n'kupola, koma mlomowo unatsala wouma ndi wokhuthala. Tsiku limene anayesa kuimba mluzu kuseri kwa nyumba, panangotuluka mpweya ndi malovu. Anayesa ndi zala, anayesa ndi lilime. Nkhuku za aneba zinapitiriza kutola zakudya osadzidzimuka.

Manijala wa lojiyo, mayi Memory, anali wa ku Dedza, munthu wachifundo koma wodziwa kuti alendo sabwera kudzaona miyala. Atawafunsa ngati ali okonzeka kubwerera pantchito, a Sadiki anati ayambe ayesa injini, popeza yakhala nthawi osalira. Anagula utaka wawo n'kupita okha kuchilumba.

Abiti anali pomwe paja, pansonga ya mtengo. A Sadiki anaimirira m'boti, kukweza nsomba m'mwamba kuti ionekere, n'kunena mwaulemu, mawu akuthawira pamene panali mano:

"Abiti, ndine ndemwe. Ndinadwala."

Anaponya nsombayo. Nkhwazi inatembenuza mutu, kuyang'ana, n'kukhala. Anawomba m'manja. Anatulutsa wezulo ya mpira imene anabwereka kwa mphunzitsi wina, kuiliza, ndipo mbalame zonse zapamiyala zinabalalika, kupatula imene ankaifunayo. Nsomba ija inayandama ndi kabango kake mpaka mphepo inapita nayo. Pobwerera anadzitonthoza kuti Abiti wanyanyala chifukwa anamusiya nthawi yaitali osatsanzika. Anati mawa kapena mkucha mtima wake ukhala pansi.

Nthawi yodikira sinapezeke. Loweruka kunabwera gulu la alendo amene anamva za nkhwaziyo asanakwere n'komwe ndege. Mayi Memory anawaitanira a Sadiki pambali n'kuwauza kuti akudziwa zonse za mlomowo, palibe chobisa. Anati apitabe monga woyendetsa boti, koma apite ndi Sulemani, bambo wogulitsa zakumwa pa bala ya lojiyo, chifukwa ali ndi nzeru ina. Sulemani, amene anali pomwepo akuyang'ana pansi, anafotokoza kuti anapeza vidiyo imene mlendo wina anaika pa intaneti zaka zapitazo. Muvidiyomo munali mluzu wa a Sadiki, womveka bwino. Iye anaudula n'kuusunga mufoni, ndipo anali ndi kasipika kokwana m'thumba.

"Pepani, Che Sadiki," anatero. "Sindikufuna kukulandani ntchito. Koma nkhwazi ikapanda kubwera, maulendo akuchilumba atha, ndipo boti aliika pamtunda."

A Sadiki anati palibe cholakwa. Zimene ananena Sulemani zinali zoona, ndipo ankazidziwa. Boti likakwera kumtunda, iwo adzakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka kugona, ndipo kuchilumba sadzapondakonso. Komabe njira yonse, dzanja lili pa injini, mumtima ankapempha chinthu chimodzi chopanda nzeru: kuti Abiti akane. Ankafuna aone kuti sanyengeka ndi kabokosi, kuti amadikira munthu wake.

Anazimitsa injini pamalo a masiku onse. Analowetsa kabango m'nsomba n'kupatsira Sulemani, amene anaimirira kutsogolo ndi kasipika kake. Alendo anakweza makamera. Ndipo mluzu uja unamveka, kuyambira pansi, kukwera, n'kuthyoka kumapeto. A Sadiki anali asanaumvepo uli kunja kwa mutu wawo. Unali wokoma kuposa momwe ankaganizira.

Abiti sanazengereze. Anatambasula mapiko, kudziponya mumtengo, kutsika motsetsereka, zikhadabo patsogolo. Anadutsa pafupi kwambiri ndi kumbuyo kwa boti, mpaka a Sadiki anamva mphepo ya mapiko pankhope pawo. Sanawayang'ane. Anatola nsomba, madzi n'kuthovoka pang'ono, n'kubwerera kumtengo kwake.

Alendo anakuwa, kuwomba m'manja, kuonetsana zithunzi. Mayi wina anagwira Sulemani paphewa n'kunena kuti wayenda mayiko ambiri koma malo ano aposa onse. Sulemani, munthu woona mtima, analoza kumbuyo kuti mwini mluzuwo ndi awo ali apowo. Ena anatembenuka n'kumwetulira, kenako n'kubwerera ku zithunzi zawo.

A Sadiki anayang'ana manja awo, amene ankanunkha utaka. Ntchito inali yapulumuka, ndipo anayenera kuthokoza Mulungu. Koma mtima unawawawa kuposa tsiku limene anagwa pathabwa lija. Zaka zonsezo ankabwera kuno poganiza kuti akubwera kwa wina wowadziwa, pamene mbalameyo inkangodziwa kaphokoso kobwera ndi nsomba.

Ali m'maganizo choncho, anaona kuti panthambi yam'munsi pali nkhwazi inanso, yocheperako, nthenga zake zisanayere bwino kumutu. Inali ya chaka chomwecho, ndipo inkalira motsatira mayi wake, amene ankadya osaigawira. Sulemani, poona nkhope ya a Sadiki, anazimitsa kasipika n'kufunsa chapansipansi ngati angoyamba kubwerera.

A Sadiki anapisa dzanja m'ndowa, kusankha nsomba yonona, n'kuyamba kuilowetsa kabango.

"Lizaninso, achimwene," anatero. "Mwanayo sanadye."