Kabokosi Kachikasu ka Rozina

Ndinaganiza zochoka tsiku lomwe alamu anga a Zuze anabwera kudzayang'ana mbuzi za malemu mng'ono wawo, mwamuna wanga, ine mpango wamaliro udakali kumutu. Kwathu kwa Malemia mwana ndi wakuchimuna, poti ng'ombe zinaperekedwa. Rozina, mwana wanga mmodzi yekhayo, ndinalibe mphamvu yomutenga. Ndinangowagwadira a Zuze kuti asamutulutse sukulu, fizi ndi yunifolomu ndizitumiza ndine. Iwo anavomera m'Chisena chathu, "Pyadidi, mlamu. Koma akadzalephera mayeso a sitandade eyiti, mwamuna alipo kale ku Nchalo." Ndinakwera sitima ya ku Limbe mawu amenewo ali m'khutu, kenako lole ya ku Harare, kudutsa ku Tete nkhondo ili mkati.

Anthu masiku ano amati tinkapita kukadya bwino. Kudya bwino kuti? Ndinkagwira ntchito m'nyumba ya mayi wina mphunzitsi, kuchapa, kusita, kulera kamwana kake, ndikugona m'kachipinda kakuseri pamodzi ndi makasu ndi ndowa. Lamulungu ndinkakhala pasitepe ndekhandekha, kulankhula Chisena ndi galu kuti lilime lisaume. Kulemba sindidziwa bwino, ndiye uthenga unkayenda pa kaseti. Ndinkajambula mawu anga, kukulunga kasetiyo ndi ndalama m'nsalu, n'kupatsa dalaivala wa lole. Yankho linkabwera patapita miyezi. Pa kaseti ina, a Zuze atatha kudandaula za chilala ndi mtengo wa thonje, ndinamva kamawu ka Rozina: "Amayi, masamu andikanikanso. Aphunzitsi akundimenya m'manja tsiku lililonse." Ndinalira mpaka madamu anandifunsa ngati kwagwa maliro.

M'nyumba imeneyo ndi momwe ndinaonera kabokosiko. Kanali kachikasu, kokwana m'dzanja, koyendera mabatire, kokhala ndi mabatani ndi kagalasi koonetsa manambala ofiira. Kankakufunsa samu. Ukalondola kankaimba kanyimbo, ukalakwa kankangoti "bzzz" n'kukufunsanso. Basi! Popanda ndodo, popanda kukutcha mbuli. Kamwana ka madamu kankaseweretsa kali chigonere pampando, ndipo matebulo onse a taimusi kanali nawo pamutu. Ine ndinkayang'ana ndikukolopa, mtima ukuwawa. Mwana wanga akutupa manja ku Nsanje pa chinthu chomwe mnzake akuchiphunzira akuseka! Mwana wa madamuyo atakula n'kukataya m'kabati, ndinapempha madamu. Anandipatsa, ine n'kulipira powagwirira Malamulungu angapo osapuma.

Ndinabwerera chaka chomwe Rozina amalemba mayeso. Ndinamupeza watalika, woonda, akuyankhula moyang'ana pansi ngati mlendo. Ndinamupatsa kabokosiko tili pansi pa mtengo wa msawu. Poyamba anaopa ndi kukakhudza komwe. Kataimba kanyimbo koyamba, anaseka kuseka komwe ndinali nditakuiwala. Pasanathe mwezi pamsawupo pankadzaza ana, kukanganirana, kuwerengerana zigoli ngati pa mpira. Rozina wanga, yemwe ankanjenjemera akamva "seveni taimusi", ndiye ankawapambana onse.

Aphunzitsi ake a Kampira, mnyamata wa ku Chikwawa, anabwera okha kudzaona. Anakhala pamphasa, n'kusewera mpaka kuiwala njinga padzuwa. Kenako anati, "Mayi, mundibwereke. Ana makumimakumi, buku limodzi, ndodo ndatopa nayo." Anagawa kalasi m'magulu, gulu lililonse ndi nthawi yake. Anyamata omwe ankathawa sukulu kupita kukawedza kudambo anayamba kulawirira m'kalasi. Ine ndinkayenda mutu uli m'mwamba, ndimvekere zaka zanga zokolopa zija zabala.

Kusadziwa ndi kufa komwe. Ndinali nditaiwala kuti ndabwerera dziko liti. Tsiku lina masana, ndikupeta mapira, anafika anyamata a chipani a malaya ofiira. Sanapereke ndi moni womwe. Ananditengera kubwalo la sukulu, komwe ndinapeza anthu atadzaza, apampando a chipani atakhala patebulo, kabokosi kanga kali patsogolo pawo. Masiku amenewo othawa nkhondo anali mbwee paliponse, ndipo aliyense ankaopa zigawenga za kutsidya kwa malire. Apampando ananyamula kabokosiko ndi zala ziwiri.

"Mayi inu, wayilesi iyi mumalankhula ndi ndani?"

"Si wayilesi, bambo. Ndi sewero la masamu."

"Nanga manambalawa akupita kuti? Chikamalira chimayankha ndani? Bambo anu sanachokere kutsidya kodi?"

Ndinati aitane mwana aliyense asewere pamaso pawo. Anakana, ati ndikufuna kutumiza uthenga iwo akuona. Ndinayang'ana a Kampira. Anazolika, maso ali pa nsapato zawo. Sindiwada kwambiri, anali ndi amayi awo okalamba owadyetsa, ndipo tonse tinkadziwa omwe anatengedwa pa galimoto osabwereranso. Koma apampando atafunsa mboni, amene anaimirira ndi alamu anga a Zuze. Anakonza kolala, n'kunena kuti iwo anandimva ndi makutu awo ndikulankhula nacho chinthucho. A Zuze! Munthu amene anadya thukuta langa zaka zonsezo, malata a padenga pawo ogula ndine! Ndinakuwa, "Nkhabe! Bodza! Mukufuna ng'ombe za ku Nchalo inu, nenani zoona!" Mnyamata wina anandimenya khofi, anthu onse akungoonerera, ngakhale azimayi omwe ana awo ankasewera pamsawu panga.

Sananditsekere. Anati andikhululukira poti ndine mkazi wosaphunzira, koma chinthucho achitumiza ku boma kuti akachifufuze. A Kampira anawasamutsa. Ahedi, poopa kusunga mwana wa kazitape, anachotsa dzina la Rozina pa olemba mayeso. Ndinagwada mu ofesi yawo mpaka mawondo kuchita dzanzi. Anangoti, "Mayi, inenso ndili ndi ana." Rozina sanalephere mayeso. Sanalowe ndi m'chipinda cholemberamo chomwe. Koma kwa a Zuze zinali chimodzimodzi, ndipo ng'ombe zinabwera mvula isanagwe.

Lero adzukulu anga amasewera masamu pa foni, aphunzitsi awo n'kumati ndi njira yatsopano. Ndimangoti hmm. Ndikawauza nkhaniyi amaseka, ati anthu akale munali otsalira. Ayi, sikunali kutsalira. Mvetserani.

Kutatsala sabata kuti Rozina apite ku Nchalo, tinkachokera kumjigo, ndowa pamutu, kudutsa kuseri kwa mpanda wa apampando. Ndinamva kanyimbo kaja. Ndinaima. Kabokosi kopita ku boma kaja kanali pakhonde, m'manja mwa mwana wawo wamwamuna, bambo ake atakhala pambali akumulimbikitsa. Mwanayo anawerenga mokweza, "Seveni taimusi eyiti," n'kudina. Bzzz. Anadinanso. Bzzz.

Ine magazi anali atawira, ndimafuna kuponya ndowa pampandapo. Rozina sanatembenuke n'komwe. Anangoti chapansipansi, "Fifite sikisi," n'kukonza nkhata yake, n'kupitiriza ulendo.