Zikhatho Pakhoma la Amayi

Fungo la katondo wonyowa limandibwezera ku Lirangwe, chaka chomwe ndinali Sitandade 5, mvula isanagwe. Inali nyengo yozira nyumba pokonzekera Khirisimasi. Amayi a m'mudzi mwathu ankasenza dothi lofiira ndi loyera kuchokera kudambo, n'kumajambula maluwa ndi mizeremizere m'makoma, ana tikupondaponda matope m'mabeseni. Kunkatentha koopsa, mango akugwa okha, ndege zopita ku Chileka zikudutsa cham'munsi ngati zikufuna kusuzumira m'mabafa mwathu.

Tinkakhala atatu: amayi, ine, ndi achimwene anga a Limbani, omwe anali atangolemba mayeso a Fomu 4. Anali munthu wofatsa, wongokhalira kukonza mawailesi pakhonde. Ine ndiye ayi, mtima wapachala ndinabadwa nawo. Tsiku lina munthu wina anawaona kumtsinje akupsompsonana ndi Yusufu, mwana wa Abiti Saidi, mayi wogulitsa usipa pamsika. Nkhani inafika pachigayo dzuwa lisanapendeke.

M'mawa mwake tinapeza khoma lathu loyang'ana kumsewu litalembedwa ndi makala, zilembo zazikulu ngati za pasitolo. Amayi sankadziwa kuwerenga, choncho anandiuza kuti ndiwawerengere. Ndinawerenga, ndipo mawu amenewo sindidzawatulutsanso pakamwa panga. Kusukulu, mnyamata wina dzina lake Gifiti anawabwereza pamaso panga akuseka. Ndinamugulula dzino, ndipo sindinapepese mpaka lero. Aphunzitsi anandiimitsa sukulu masabata awiri.

Lachisanu amalume anabwera panjinga kuchokera ku Mdeka. Anaima pakhomo, osalandira n'komwe mpando, n'kunena kuti achimwene anyamuke, akawapempherere kwa mneneri wina ndipo asadzapondenso pano kudzachititsa mbumba manyazi. Achimwene sanatsutse. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi malaya awo m'jumbo. Ine ndinali nditatola kale mwala.

Amayi anali chogwada pabeseni, matope mpaka m'zigongono. Anandiyang'ana kamodzi kokha, mwala uja unagwa wokha. Kenako anaitana achimwene, anawagwira dzanja, n'kuliviika m'dothi loyera. Anapita nawo pakhoma paja n'kudinda chikhatho cha achimwenewo pakati penipeni pa zilembo za makala zija. Pambali pake anadinda chawo, chofiira.

"Alongo, zimenezi ndi chiyani?" amalume anafunsa.

"Ndikukongoletsa nyumba yanga, achimwene. Mwanayu ndi wa pakhomo pano. Mukafuna kumuchotsa, yambani mwagumula khomali."

"Anthu azikusekani!"

"Aseke. Pomubereka analipo?"

Ine sindinadikire kuitanidwa. Ndinaviika manja onse awiri n'kumenya khoma mwamphamvu mpaka matope anathovukira pa thalauzi la amalume. Anthu anali ataima kale pamsewu, ena mabasiketi ali pamutu, ana atakwera pachulu kuti aone bwino. Kenako pagulupo panatuluka Abiti Saidi, beseni la usipa lili pamutu. Yusufu wawo anali atamubisa kwa achibale ku Chigaru. Anatula beseni, anakwinya mkono wa diresi, anaviika dzanja, n'kudinda chikhatho chawo mbali ina ya cha achimwene. Anasamba m'ndowa mwathu, anasenza usipa wawo, n'kumapita.

Amalume anakwera njinga yawo okha. Jumbo ija inakhala pakhonde mpaka madzulo, pomwe amayi anaitenga n'kukhuthulira malayawo pa mulu wa zochapa.

Sindinena kuti mudzi unasintha. Kutchalitchi benchi yathu inkakhala ndi malo ambiri, ndipo ena anasiya kubweretsa mawailesi awo. Kawiri konse anthu anabwera kudzapaka ndowe pakhomalo. Kawiri konse amayi anazira mwatsopano n'kutiitana kudzadinda, ndipo ulendo uliwonse zikhatho zinkachuluka. China chinali cha agogo a Gifiti, china cha mnyamata wa kabaza yemwe sitinkamudziwa n'komwe dzina. Mvula ya Januwale inakokolola zonse, khoma n'kutsala lofiira psuu, koma achimwene anali akadali pakhonde ndi sikuludalaivala yawo.

Nthawi imeneyo ndinkakwiya ndi amayi. Ndinkaona ngati matope ndi chida cha anthu amantha, kuti akanandilola ndikanagenda mudzi wonse n'kuthetsa nkhani tsiku limodzi. Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 7, chifukwa cha ndewu yomweyi, ndipo kuchokera apo ndamenyana ndi anthu ambiri, ena ondiposa msinkhu. Koma ndikawerenga ndewu zanga zonse, palibe ngakhale imodzi imene inasunga munthu pakhomo pake.