Tsiku limene bambo sanalize belu

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anawasamutsira ku kasukulu ka ku Bwanje, kuchoka kumtunda kwathu kozizira. Belu lake linali khasu lakutha lopachikidwa pamtengo wa bwemba, ndipo bambo ankaliliza mokondwa ngati akuitanira anthu ku ukwati. M'kalasi ankalowa akuimba. Anapeka okha nyimbo yochulukitsa manambala, ndipo poimba ankavina, choko chili mbuu m'tsitsi. Ine mwana wawo ndinkachita manyazi.

Mpunga utayamba kucha, makolo anatenga ana onse kukaingitsa mpheta kudambo. Tinatsala atatu, kenako ndinatsala ndekha. Kalasi inkadzaza pokhapokha achipani akafuna ana okaimba kumsonkhano. Bambo ankalizabe belu n'kumandiphunzitsa ngati tilipo gulu, koma mawu awo ankachepa tsiku ndi tsiku, ndipo kuvina kuja kunatha.

M'mawa wina belu silinalire. Ndinawapeza atakhala pakhonde, osameta ndevu, phala litazizira pambali.

"Amake Esinati," anatero kwa amayi, "ndikungothira madzi mumchenga. Mawa ndipita ku boma kukalembetsa za ku Joni."

Ndinachita mantha. Amalume anapita ku Joniko ndili wakhanda, ndipo nkhope yawo sindiidziwa mpaka lero. Amayi anangondipatsa mtsuko kuti ndikatunge madzi.

Njira ya kuchitsime inkadutsa m'mbali mwa dambo. Ana oingitsa mbalame amakuwa tsiku lonse, ndipo ndimayembekeza kumva kukuwa kwa masiku onse. Koma pansanja ina Asiyatu, mtsikana amene m'kalasi sankatsegula pakamwa, ankakuwira mpheta nyimbo ya bambo ija, akumenya chitini. Nsanja ya kutsidya inkayankha. Ankaphonya manambala ena, koma mphetazo zinkathawa ndithu.

Ndinasiya mtsuko panjira n'kuthamangira kunyumba.

"Ababa, tiyeni mukamve nokha. Akuimba nyimbo yanu, koma akulakwitsa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali asanadzuke. Titafika anaima m'mphepete mwa dambo, akumvetsera, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Asiyatu atalakwitsanso, uphunzitsi unawagwira. Anavula nsapato, napinda buluku, nalowa m'matope akuimba mzere wolondola. Nsanja zonse zinayankha. Mpaka mpunga unakololedwa, sukulu yathu inali kudamboko, ndipo za ku Joni sitinazimvenso.

Lero nanenso ndakalambira pa bolodi. Kale ndinkayesa kuti bambo anabadwa ndi chimwemwe chosatha. Ndinazindikira mochedwa kuti mphunzitsi naye amafooka, ndipo chimene chimamudzutsa ndi kumva kuti mbewu yake yamera penapake, ngakhale yamera mokhota. Akanakhala kuti Asiyatu sanaimbe m'mawa umene uja, ine ndikanakula wopanda bambo.