Kukaonana ndi Mwana wa Amuna Anga ku Kafue

Ndinanyamuka ku Chawama Loweruka 7 koloko m'mawa, osadya kanthu. Patapita miyezi itatu chiikire amuna anga m'manda, mtsikana wina dzina lake Misozi anandiimbira foni n'kunena kuti ndi mwana wawo. Sindinafune kuti apondeko kunyumba kwanga, choncho tinapangana kukumana kupaki ya m'mbali mwa mtsinje ku Kafue.

Pamsewu waukulu ndinakwera minibasi ya K40. Kondakitala analumbira kuti watsala mpando umodzi wokha, koma anthu asanu analowa pambuyo panga. Njira yonse ndinkangoganiza za nyumba yathu ya zipinda ziwiri. Ndinali wotsimikiza kuti mtsikanayo akufuna gawo lake.

Pa Chilanga ndinagogoda denga kuti basi iime.

"Museluka, amai?" anafunsa kondakitala.

Ndinayang'ana msewu wobwerera ku Lusaka, kenako ndinamuuza kuti sinditsika, tizipita. Mayi amene anali pafupi nane, atafukata nkhuku, anandifunsa ngati m'mimba muli bwino.

Ndinafika kupaki cha m'ma 9, n'kulipira K20 pageti. Mabanja anali atayala zitenje pakapinga, akwati ena akujambulitsa pafupi ndi bwato. Ndinasintha benchi katatu. Ndinagula chimanga chootcha koma chinazizirira m'manja.

Misozi anafika 11 koloko. Ndinamuzindikira ali patali, chifukwa ankayenda phewa limodzi lili pansi, ndendende atate ake. Anali wa zaka ngati makumi awiri, kutanthauza kuti anabadwa ine ndili kale pabanja. Anagwada pondipatsa moni. Ine ndinamufunsa mwaukali chimene ankafuna.

"Sinifuna nyumba, amai," anatero. "Nifunako chabe chithunzi chao. Ninabaona kabili chabe, nili mwana."

Ndinatulutsa foni. Tinaona zithunzi mpaka dzuwa litafika pabenchi yathu. Anafunsa ngati atate ake ankaseka kawirikawiri, ngati ankadwala mutu ngati iye. Ndinamuyankha zonse, ndipo ndinamutumizira zithunzi zisanu ndi chimodzi.

Ndinakwera basi yobwerera 3 koloko. Mkwiyo unalipobe, koma ndinaona kuti ndinaunyamulira munthu wosalakwa. Mwini wake ali kumanda ndipo sadzandiyankha. Tikudutsa Shimabala ndinatsegula foni, ndipo nambala ya Misozi, imene ndinaisunga kuti "Uja", ndinailemba dzina lake.