Emile Paquette Asowa Pogona Kwawo

Emile Paquette anabadwira m'katauni ka m'mapiri ku Vermont, dera lozizira la kumpoto kwa dziko la America, ndipo mpaka imvi zinamera sanaganizepo zokakhala kwina. Bambo ake ankakama ng'ombe. Iye ankakonda injini, moti atangokula analowa ntchito ku khonsolo, yoyendetsa chigalimoto chokankha chipale chofewa pamsewu. Nyengo yozizira ikafika, anthu ankadzuka n'kupeza msewu wolambulidwa, mchenga utawazidwa kale, osadziwa n'komwe kuti wadutsapo ndani.

Iye ndi mkazi wake Lucille ankachita lendi nyumba yakale ya Mayi Hathaway, kuseri kwa tchalitchi. Nyumbayo inkalowa mphepo ndipo inkamwa mafuta otenthetsera ngati chidakwa, koma mwana wawo Renee anakulira momwemo. Denga likadontha Emile ankakwera yekha, osavutitsa mayi wokalambayo.

Mayi Hathaway atamwalira, ana awo anagulitsa nyumbayo kwa munthu wina wa kumzinda waukulu. Mwini watsopanoyo sankafuna kukhalamo. Ankafuna kuti muzigona alendo obwera kudzasewera motsetsereka pachipale m'mapirimo, amene amalipira usiku umodzi zimene Emile ankalipira sabata yonse. Anawauza kuti chipale chikadzasungunuka adzakhale atatuluka.

Emile anayamba kusaka nyumba. Anazungulira tauni yonse, kenako matauni oyandikana nawo. Paliponse yankho linali lomwelo: iyi ndi ya alendo, iyo eni ake amabwera pa Khirisimasi pokha. Kachipinda kamene anakapeza pamwamba pa sitolo, mtengo wake unkameza malipiro ake onse. Chimene chinkamuwawa kwambiri n'chakuti m'mawa uliwonse ankalambula msewu wopita ku zinyumba zikuluzikulu zopanda munthu, magetsi akuyaka, mkati mukufunda, mipando yokhayokha ikuwotha.

Renee anali atathawira kale ku Tennessee, dera lofunda la kumwera kwa dzikolo, kumene ankagwira ntchito ya unamwino. Ankaimba foni pafupipafupi.

"Adadi, mukulimbirana chiyani ndi dziko loti lakukanani? Bwerani kuno. Manja a amayi akutupa ndi kuzizirako."

"Dziko silinandikane," ankatero Emile. "Andikana ndi anthu. Ndipo ndikawauza pamaso."

Mwayi unapezeka mu Malichi, pa msonkhano wa pachaka umene anthu onse a m'tauni amasonkhana m'holo ya sukulu n'kuvotera nkhani zawo pokweza manja. Panali ganizo loti pa bwalo la kuseri kwa ozimitsa moto pamangidwe nyumba zotchipa za anthu apantchito. Woyamba kulankhula anali Bambo Prescott, loya wopuma pantchito amene anasamukira kumeneko posachedwa. Ndi mawu ofewa ananena kuti aliyense akuwamvera chisoni osowa nyumba, koma zinyumba zoterozo ziwononga kukongola kwa tauni ndiponso zitseka phiri.

Emile anadzuka chipewa chili m'manja, khosi litafiira.

"Kukongola? Bambo inu, phirilo mwaliona liti? Ine ndabadwa likundiyang'ana! Aphunzitsi awiri achoka, wokonza mapaipi wachoka, mtsikana wa ambulansi amagona m'galimoto kuseri kwa sitolo. Mukadzagwa m'bafa n'kuthyoka chiuno, adzakunyamulani ndi phirilo?"

"Emile, lankhula kudzera kwa wapampando," anatero Glenda, amene ankatsogolera msonkhano. Anaphunzira naye kalasi imodzi.

"Iwe Glenda, usandiphunzitse mwambo lero. Mwambo ndili nawo, chimene ndilibe ndi pogona!"

Ena anaomba m'manja, ena anayang'ana pansi. Lucille anamukoka jekete kuti akhale. Manja atakwezedwa, okana anachuluka. Emile anatembenuka kuti awaone bwino, ndipo pakati pawo anaona dzanja la Duane, mnzake wosaka naye agwape kuyambira ali anyamata.

Msonkhano utatha, Emile anamupeza Duane panja akuchotsa chipale pagalasi la galimoto.

"Nawenso, Duane?"

"Ndimvetse, mzanga. Akamanga zimenezo msonkho wa malo ukweranso. Panopa ndikulephera kale. Ukufuna nanenso ndigulitse munda wa bambo anga?"

"Ndiye bola ndichoke ine, eti?"

Emile analavula pansi n'kupita, ndipo iye ndi Duane sanalankhulanenso.

Emile ndi Lucille anachoka mu Epulo, misewu ili matope okhaokha. Anzake a ku ntchito anamugulira keke yotsanzikana. Iye anangosiya makiyi patebulo n'kutuluka osalawa. Katundu anakwana m'lole imodzi yobwereka. Lucille analira mpaka kudutsa malire a Vermont, Emile akungotukwana madalaivala onse amene ankamupitirira.

Ku Tennessee anapeza kanyumba kabwino pafupi ndi Renee, ndipo Emile analowa ganyu m'sitolo ya zipangizo zomangira. Manja a Lucille anaphwa, anayambanso kuluka. Anthu akumeneko akamufunsa ngati sakusangalala kuti anathawa kuzizira, Emile ankayankha mokalipa kuti iye sanathawe, anachita kuthamangitsidwa. Kutentha ankadana nako, udzudzu ankadana nawo, ngakhale tchizi cha kumeneko ankati n'chopanda mchere.

Tsiku lina pa chakudya chamasana anauza Renee kuti akadzamwalira adzamutengere ku Vermont, akamuike pafupi ndi makolo ake. Lucille anaika foloko pansi.

"Upita wekha. Ine ndazizidwa mokwanira ndili moyo."

"Lucille, malo athu ali pamodzi kumandako!"

"Ndiye udzagona motakasuka. Ndipo ufulumire, asanawasandutse ogona alendo."

Renee anaseka mpaka kutsamwa. Emile sanaseke. Anakankha mbale, n'kutuluka kukatchetcha kapinga padzuwa lija amadana nalo.