Maso Ofiira a Nyanzala

M'chilimwe cha 1994, anthu a m'mudzi wa Ng'wabuki, ku Shinyanga, anayamba kukumba damu ndi makasu. Nyanzala ankasenza dothi m'dengu ngati wina aliyense. Mwamuna wake anali atamwalira pa 3 Febuluwale 1988. Ana aamuna analibe, abale akenso anali atatha. Chimene chinkamusunga pamudzipo chinali mwana wake mmodzi yekhayo, Holo, amene anakwatiwa kutsidya kwa msewu.

Malo a damulo anasankha ndi Luhende, mnyamata wophunzitsidwa ndi mudzi wonse. Mabanja anasonkha ng'ombe kuti akaphunzire za madzi ku Dar es Salaam, ndipo atabwerako ndi chingwe chake choyezera, ngakhale madoda ankamupatsa mpando. Kholo lililonse pokalipira mwana wothawa sukulu linkatchula dzina lake.

Pa Khirisimasi ya 1995 damu linadzaza, anthu anavina mpaka miyendo kutupa. Pofika Julayi munatsala matope ong'aluka. Chaka chotsatira zinali zomwezo. Aliyense amene anagwirapo khasu anali atauona mchenga wosasunga madzi pansi pake, koma mawu amenewo ankangothera kukhosi. Kunena kuti Luhende analakwitsa kunali kuvomera kuti ng'ombe zija zinapita pachabe, ndiponso kuti ana awo akungodzitopetsa ndi sukulu.

Nyanzala ankaphikira ndowe zouma, poti nkhuni zinali kutali ndipo womutemera analibe. Utsi wa zaka zambiri unamufiiritsa maso. Ndowe zabwino zinkapezeka m'damu louma lija, momwe ng'ombe zinkapitabe kukanunkhiza madzi, choncho iye ankalawirira komweko.

Pa 9 Ogasiti 1997 anamuitanitsa a Sungusungu, gulu la amuna oyang'anira mudzi. Mkulu wawo anali Masanja, mwana wa mnzake wa Nyanzala wa ku ubwana.

"Amayi, m'damu muja mumakatolamo chiyani?" anafunsa Masanja.

"Ndowe, mwanangu. Kodi nazonso zili ndi mwini wake masiku ano?"

"Ndowe, eti! Nanga madzi athu munawatungira mu mtsuko uti?"

Anthu anaseka, Nyanzala naye anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Kenako mayi wina anakuwa chakumbuyo: "Tamuonani masowo! Ngati makala. Munthu wogona usiku maso ake amatero?"

"Inu anthu, dothi la damu limenelo linandimeta tsitsi apa," anatero Nyanzala uku akuvula duku kuti aone dazi lake. "Ndiumitse bwanji chinthu chimene ndinachisenza ndekha?"

"Iwe gogo, vala msanga, utithawitsira ana!" anatero mnyamata wina, ndipo chiseko chinaphulikanso.

Luhende analipo, pa mpando wa kutsogolo. Ankapukuta magalasi ake.

Sanamumenye. Anangolamula kuti asalidwe: wina asamulonjere, asamugulitse mchere, asamupatse moto kapena madzi, ndipo wophwanya lamulolo alipe ng'ombe. Kuyambira tsiku limenelo anthu ankamudutsa ngati chitsa. Pachitsime azimayi ankatchinga pakamwa pake ndi ndowa zawo mpaka iye atabwerera. Anazolowera kumwa madzi a m'chithaphwi cha abulu. Ankadzilimbitsa mtima kuti mkwiyo wa anthu uli ngati moto wa mapesi, ndipo madzulo ankakhala pakhomo kuyang'ana kutsidya, kumene adzukulu ake ankasewera.

M'mawa wina wa mu Okutobala moto wake unazima. Anatenga phale n'kuwoloka msewu. Anapeza Holo akupeta mawere, mwamuna wake ali pamthunzi kukonza goli.

"Holo, mwanangu, kakhala kamodzi kokha."

Holo sanatukule mutu. Anatembenukira nkhuku imene inkajompha pafupi ndi lichero.

"Nkhuku iwe, tachoka pakhomo pano," anatero mokweza, kuti mwamuna wake amve bwino. "Sukumva? Wakalamba, ndipo suikiranso. Ukufuna utilipitse ng'ombe?"

Nkhukuyo sinasunthe. Nyanzala anaima pang'ono, kudikira kuti mwina mwana wake amuyang'ane ndi diso limodzi. Holo anapitiriza kupeta.

Nyanzala anachoka m'mudzimo pa 21 Okutobala 1997, dzuwa lili paliwombo, atasenza mkeka ndi kamphika, kulowera ku njanji ya sitima yopita ku tauni. Palibe anamuperekeza, poti kuperekeza nako kunali ndi chindapusa.